Tsiku loika achimwene Fulaye ku Nsambe

Ndinadzuka kusanache kuseri kwa khitchini, mame ali m'tsitsi. Azimayi a kwaya anali atasasa mawu, moto wa abambo utasanduka phulusa. Kunali chiperoni cholowa mpaka m'mafupa.

Omwalira anali achimwene anga aakulu, a Fulaye. Korona inawagwira m'mapapo, koma dokotala anandiuza ine, amene ndinkawadikirira m'chipatala, kuti matendawo anapeza chiwindi chitatha kale ndi kachasu, n'kungomalizitsa. N'chifukwa chake maso anachita chikasu, mimba n'kutupa. Kumudzi mimbayo anaimasulira mwina: akuti akazi awo anawadyetsa mankhwala.

Kutacha anthu anayamba kufika, nkhuni ndi ufa zili pamutu. Wagolosale wachisilamu anatumiza shuga. Azimayi ophika nyemba ankasiya kulankhula alamu anga, akazi a malemuwo, akamadutsa.

Udindo wofotokoza matenda kumanda unagwera ine, wophunzira wa pabanjapo. Kukoleji sindinamalize, koma ndinabwerako ndi jekete. Ndinaivala.

Tisananyamuke, alamu anandiitanira pambali. "Alamu, mukanene zimene ananena dokotala zija. Anthu akundiloza zala." Ndinavomera. Pakhomo amayi anandikoka jekete. "Iwe, mwana wanga asakaikidwe ngati chidakwa." Ndinavomeranso. Pa kuvomera ndilibe mnzanga.

Bokosi tinalinyamula molandirana, tikuterereka m'matope pakati pa minda ya mbatatesi. Ambiri mwa okumba manda anali anzawo akumowa, ndipo fungo lawo linatilandira tisanafike.

Atandiitana ndinatsokomola ngati nduna. Ndinafotokoza za korona, za mapapo, za mpweya wa m'mphuno, mwadongosolo ndithu. Nditafika pa chiwindi ndinayang'ana amayi, ndinayang'ana alamu, kenako ndinayang'ana nsapato zanga.

"Za mimba ija," ndinatero, "akudziwa ndi Mulungu."

Kumbali ya azimayi kunamveka kung'ung'udza kovomereza. Wophunzira anali atawapatsa umboni. Alamu anakokera chitenje kumaso, ndipo dothi linayamba kugwera pabokosi.

Madzulo pakhomo panali zii. Achibale amene amayenera kugona ndi namfedwa anakayala mphasa kwa amayi. Alamu anatsuka okha miphika yonse yobwereka. Atamaliza ananditenthetsera madzi osamba, monga ankawachitira achimwene, n'kuika chidebe pafupi ndi mapazi anga.

"Mwalankhula bwino, alamu," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndinakhalabe pakhondepo, jekete ili m'thupi, mpaka madziwo anazizira.