Silikoni wa Mawindo mu Injini ya Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinatsala pang'ono kupha injini ya bambo anga chifukwa chotengeka ndi munthu wamatama. Lero ndili Fomu 4, koma ndikamva fungo la viniga ndimakumbukirabe sabata imeneyo.

Tinkakhala ku Mpingwe, ndipo banja lonse linkadalira pikapu imodzi yakale yomwe ababa ankanyamulira katundu wa anthu pamsika wa Limbe. Galimotoyo ankaikonza okha kuseri kwa nyumba. Chaka chimenecho anamasula injini yonse n'kuimanganso, ndipo patangotsala kumata sampu, chibeseni cha pansi pa injini momwe mumakhala oyilo, anaterereka pamatope n'kuthyoka mkono wamanja. Loweruka lake kunali chinkhoswe cha achemwali anga a Linesi, ndipo mipando yonse inkadikira pikapu yomweyo.

Apa m'pamene anadzipereka a Bonifasi, amene ankakwatira achemwaliwo. Anakhalako ku Joni miyezi isanu ndi itatu, koma akamayankhula munkayesa kuti mzindawo anamanga ndi iwo. Ankavala ovolosi yopanda ngakhale kadontho ka oyilo, makiyi ali lendelende m'chiuno, chonsecho analibe ndi njinga yomwe. Tinadzamva pambuyo pake kuti ku Joniko ankatsuka magalimoto, osati kukonza. Koma ine ndinkawaona ngati munthu wamkulu kwabasi, chifukwa ankandigulira tchipisi.

Lachitatu, ababa asanapite kuchipatala kukaikidwa chikhakha, anandiitana. Sakanatha kulangiza mkamwini wawo ngati mwana, munthu woti ndi chinkhoswe chomwe chisanachitike. Kwathu zimenezo ndi mwano. Choncho mawu anasiyira ine.

"Tadala, alamu ako akabwera uwapatse chubu chotuwa cha silikoni womatira injini chili m'bokosimo. Apale zakale zonse, apukute ndi petulo, paume. Silikoni akhale wowonda ngati kamtengo ka machesi. Oyilo athire mawa, osati lero. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

A Bonifasi anafika ndi chubu chawochawo, chachikulu, chogula pabenchi ya zomangira nyumba ku Limbe. Chinali ndi chithunzi cha windo, ndipo atangochiboola pabwalo ponse panamveka fungo la viniga. Ndinawapatsa chotuwa chija n'kunena mawu onse monga ndinauzidwira.

"Iwe mlamu, silikoni ndi silikoni," anatero akuchikankha ndi nsapato. "Madala akowo amaumira ngati akudontheza mankhwala m'diso. Taona mmene timachitira kunja."

Ndinaseka. Ndinaseka kwambiri, mpaka kugwira m'mimba, kuseka bambo anga ondibereka ali pamzere kuchipatala.

Kupala sanapale. Anangopukuta ndi nyuzipepala, n'kufinya silikoniyo wonenepa ngati chala changa chachikulu, kuzungulira kawiri konse, wina n'kumudinira m'mabowo a mabawuti. Kenako anamanga mabawutiwo motsatizana, aliyense ndi mphamvu zawo zonse, mpaka silikoni anatuluka m'mbali ngati phala losefukira. Pompo anathira oyilo, n'kuliza injini mwaphokoso kuti amayi a nyumba yoyandikana atuluke adzawaone.

"Kadontho ukukaona?"

Kadontho panalibedi. Ine ndinatenga kansanza n'kupukuta zonse zotuluka kunja zija kuti pakongole, chubu cha mawindo n'kuchiponya kudzala. Ababa anawagoneka kuchipatala, ndipo atabwera Lachinayi anawerama movutikira, n'kuyendetsa chala chakumanzere m'mbali mwa sampu.

"Anachita monga ndinanenera?"

"Eee, ababa."

Lachisanu masana tinakatenga mipando kutchalitchi. Ankayendetsa ndi a Bonifasi, ababa ali kuchitseko, ine pakati. Titayamba chitunda chobwerera ku Mpingwe, kanyale kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira, kenako kanayakiratu. M'injini munayamba kumveka kaphokoso ngati munthu akugogoda mbale ndi supuni.

"Bambo, tangoimani pang'ono," anatero ababa mwaulemu.

"Ndi waya chabe uyu, bambo. Ku Joni timangomatapo kapepala." Ndipo munthuyo anapondanso mafuta.

Ndinaona nkhope ya ababa. Ankamvetsera galimoto yawo ikufa, koma ulemu unawamanga pakamwa.

"Ababa, ndinanama! Anaika wa mawindo, wambirimbiri, oyilo n'kuthira tsiku lomwelo!"

"Zimitsa, Tadala."

Ndinatambasula dzanja pansi pa chiwongolero n'kupotokola kiyi. Pikapu inaima m'mbali mwa msewu. A Bonifasi anatsika, anasuzumira pansi pa galimoto manja ali m'thumba, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti telala akuwadikira kukayesa suti. Anakwera minibasi yoyamba kudutsa. Mipando inapita pa lole ya mnzawo wa ababa, yomwenso inadzatikoka ndi chingwe.

Chinkhoswe chinachitika bwinobwino. Lolemba lake ababa sanandimenye. Anandipatsa sipanala n'kundiuza kuti ndilowe pansi pa galimoto. Titatsitsa sampu, anandionetsa sefa yomwe injini imayamwira oyilo. Inali yotsekeka ndi tizidutswa toyera, tatalitali, toterera ngati nyongolotsi. Ndinatizula kamodzikamodzi ndi zala zanga.

"Unapukuta zakunja," anatero ababa. "Nanga zimene zinatulukira mkati akanapukuta ndani?"

M'mawa wonse ndinapala sampuyo ndi lezala mpaka chitsulo chinawala, n'kupukuta ndi petulo. Ababa anandiuza kuti wa mawindo amapangidwira galasi ndi madzi amvula, ndipo akakumana ndi oyilo wotentha amafewa n'kusenda, pomwe wotuwa uja anapangidwira ntchito yomweyi. Ndinafinya kamzere kamodzi kowonda, kosadukiza, kodutsa chamkati mwa bowo lililonse. Mabawuti ndinamanga modumphadumpha, uyu kuno, winayo kutsidya, pang'onopang'ono. Kenako tinangoisiya galimotoyo mpaka tsiku lotsatira, ndipo kudikirako kunandivuta kuposa kupala kuja.

Titaliza injini Lachiwiri, kanyale kofiira kanazima nthawi yomweyo. Ababa anamvetsera nthawi yaitali, khutu lili pafupi ndi injini, kenako anagwedeza mutu. Anati tikanakwera chitunda chija mpaka pamwamba, bwezi tikugulitsa pikapuyo kwa ogula zitsulo.

A Bonifasi akadali alamu anga. Pa Khirisimasi iliyonse amafotokozera alendo kuti kaphokoso kaja anayamba kukamva ndi iwo, ndipo ababa amangoyang'ana pansi. Ine ndimawagwadira powapatsa moni monga mwambo unenera, koma mumtima ndimawaona ngati silikoni wawo yemwe uja: wambiri, wowala, wosagwira kanthu. Komabe chimene chimandinyansa koposa si iwowo ayi. Ndi kuseka kwanga kuja, ndi kansanza kamene ndinabisira ntchito yoipa kuti ioneke yabwino. Iwo sankadziwa, ndipo sankafuna kudziwa. Ine ndinauzidwa zonse.

Ndikalemba mayeso ndikufuna kukaphunzira zokonza magalimoto, ndipo ababa anandipatsa kale kiyi wa bokosi lawo la zida. Mwezi watha alamu anabwera atavala ovolosi ija, akuti adzatithandize kukonza mabuleki. Ndinawapatsa mpando pamthunzi ndi kapu ya tiyi, kiyi wa bokosi n'kumuika m'thumba la yunifomu yanga.