Kagudumu ka Pakati pa Mipando

A Delbert Haugland anamanga ndege yawo zaka khumi ndi chimodzi, m'galaja momwe kale ankakonzeramo mathirakitala a alimi a kuno ku Minnesota. Anthu ankaseka, amvekere mdala ameneyu adzafa ndegeyo isanaone dzuwa. Eni ake ankangokhoma timisomali m'mapiko tsiku ndi tsiku, akazi awo a Lorna atatsamiza chitsulo kuseri kwa lata kuti timisomalito tiphwanyike bwino.

Ntchito inayenda mpaka inafika pa tirimu. Tirimu ndi kachipiko kakang'ono ka kumchira. Ukakakhotetsa bwino, mphuno ya ndege imakhazikika yokha, osati kumangolimbana ndi ndodo yowongolera ulendo wonse mpaka mkono kuuma. Njira zake n'ziwiri. Yakale ndi kagudumu kopotokola ndi zala, pakati pa mipando iwiri, waya n'kuyenda mpaka kumchira. Yatsopano ndi kamota ka magetsi, woyendetsa n'kumangodina batani lomwe lili pa ndodo pomwepo. Kachipiko n'kamodzi, ndiye munthu amasankha njira imodzi basi.

Mnzawo wa kuubwana, a Vern Pietz, amene anakalambira m'ndege zopopera mankhwala m'minda, anabwera Loweruka lina m'mawa ndi khofi wake m'manja.

"Ika batani, mdala iwe. Zakagudumu zinapita ndi agogo ako."

"Magetsi amathawa munthu ali m'mwamba," anayankha a Delbert. "Waya sanama."

"Asa! Waya sanama, koma dzanja lakolo? Taonetsa kuno."

A Delbert analibisa m'thumba la ovololo. Nyamakazi inali itapinda zala za kumanja moti ngakhale chivundikiro cha botolo ankachita kupempha munthu. Kukankha moto wa injini ndi chikhatho akanatha, koma kupotokola kagudumu, ayi ndithu. Batani likanakhala pansi pa chala chachikulu cha kumanzere, dzanja labwinobwino.

"Ndipo usaiwale lamulo," anapitiriza a Vern. "Ndege yomanga wekha, maola makumi anayi oyamba umauluka wekhawekha. Palibe zonyamula munthu. Ndiye adzakupotokolera ndani, mngelo?"

Lamulolo a Delbert ankalidziwa bwino lomwe. Ankadziwanso kuti kwa munthu womanga ndege palibe tsiku loposa limene amaidzutsa pansi koyamba ndi manja ake. M'kanyumba ka pabwalo lathu la ndege la kapinga muli chithunzi cha aliyense amene anachitapo zimenezi, atamwetulira ngati mkwati. Malo a chithunzi chawo anali atawayang'ana kale, pafupi ndi zenera.

Koma nkhani ya waya wosanama ija inali yongophimbira. Kuyambira chaka cha 1968, pamene anagula kandege kakale ka mapiko a nsalu, tirimu inali ntchito ya a Lorna. M'kandegemo munalibe wailesi, munalibe zamakono, ankangotsata njanji ya sitima kupita kukadya mapanikeke, zitumbuwa zachizungu, kumabwalo a ndege a anzawo, minda ya chimanga ili yalaa pansi pawo. A Lorna ankakhala kumanja, dzanja lamanzere pa kagudumu, ndipo ankamva kulemera kwa mphuno ya ndege amuna awo asanatsegule pakamwa. Anthu ankachita nawo nsanje awiriwa, ndipo anali ndi chifukwa.

Tsopano mutu wa a Lorna unali utayamba kutaya zinthu. Ketulo ankapezeka nayo mufiriji. Mwana wawo wamkazi ankamuitana dzina la malemu mchemwali wawo. Koma akalowa m'galaja n'kukhala pampando wa ndege yosathayo, dzanja lamanzere linkatsika lokha pakati pa mipando, kumafufuza pamalo opanda kanthu. A Delbert ankatembenukira kukhoma, chifukwa zinkawawawa kwambiri.

Kamota anakaitanitsa ndithu. Kanafika m'kabokosi, kopepuka, kokongola, ndipo kanakhala pathebulo sabata yathunthu. Ankakanyamula, kukabweza, kudina batani lake m'malere. Lolemba lotsatira anakanyamula ulendo wa kwa a Vern.

"Tenga, uike pa makina ako otchetchera kapinga."

"Wapenga?"

"Ndaika kagudumu. Maola makumi anayi aja udzauluke ndiwe."

A Vern anavula chipewa, n'kukanda dazi. "Zaka khumi ndi chimodzi, Del. Ukundipatsa ine tsiku lako?"

"Usandiphwanyire ndege, nkhalamba yopanda mano iwe. Ndi zokhazo."

Ndegeyo inanyamuka m'mwezi wa Meyi, chipale chofewa chitasungunuka, kapinga akali wonyowa. Anthu anaombera m'manja, ena kuimba malikhweru, wojambula n'kujambula a Vern akutsika ndi chimwemwe chawo chamanyazi. A Delbert anaima kumpanda, ndipo misozi sanaibise. Zinawapweteka, tisanamizane. Chilimwe chonse anakhala pa kampando kopinda ndi kabuku, kulemba maola a mnzawo, uku akutukwana katsikidwe kake. A Lorna ankakhala pambali pawo atafunda juzi, ndipo mwezi ndi mwezi mawu awo ankachepa. Usiku ndi usana nkhawa ya a Delbert inali imodzi: kuti maolawo akamadzakwana, mwina mayiwa adzakhala atapitiratu kutali.

Anakwana mu Okutobala, alimi akukolola. A Vern anathandiza kukweza a Lorna ndi kuwamanga lamba, kenako anamenya phiko ndi chikhatho.

"Pitani, achinyamata. Mubwereko lero lomwe."

Ndege inathamanga pakapinga, n'kudzuka. A Delbert, koyamba m'ndege ya manja awo, anakwera mpaka nyumba zinachepa ngati mabokosi a machesi, kenako anachepetsa moto. Mphuno inalemera nthawi yomweyo, ndodo n'kuyamba kukoka mkono. Sananene kanthu. Anayang'ana chammbali: a Lorna manja ali pamiyendo, maso ali pazenera. Mphindi inatha, ina n'kutha. Phewa linayamba kuyaka moto, mumtima n'kumati basi, ndachedwa, ndataya zonse ziwiri, tsiku langa lija ndi dzanja la Lorna lomwe.

Kenako ndodo inapepuka. Pang'ono, pang'ononso, mpaka ndege inakhazikika yokha. A Lorna sanayang'ane n'komwe dzanja lawo, lomwe linali pa kagudumu. Anayang'ana mwamuna wa pambali pawoyo kuyambira kuchipewa mpaka kumawondo, mwaulemu ndithu, n'kukweza mawu kuti apose injini.

"Pepanitu bambo, dzina lanu landithawa. Koma mumayendetsa ngati Delbert wanga. Nayenso mkono ukamuwawa sanena."