Mkango wa Matchaina unavula mutu ana akuona

Lachisanu lapitali ndinanjuta pamaso pa mkango wa nsalu, m'holo ya sukulu ku Canning Vale kuno ku Perth, makolo ena onse ali chiimire. Sekani ngati mukufuna, koma mumve kaye.

Mwana wanga Esnart, amene ndi namwino, anali pa shifiti tsikulo. Ndiye anati, "Abambo, mumuperekeze Tadala, kusukulu kwawo kuli chikondwerero cha chaka chatsopano cha Matchaina." Tadala ndi mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi zitatu, wobadwira konkuno. Ndinavala jekete ngakhale kunja kumatentha ngati ku Nsanje. Munthu wamkulu sapita pagulu ndi malaya okha.

Tinapeza holo yonse ili psuu. Ana ena akudula mapepala kupanga nyali, ena akujambula zilembo zawo zija ndi kaburashi. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, koma pa zilembo zimenezo ine ndi ahedi tinali ofanana. Pakona panali mayi wina wokalamba wa Chitchaina akuphunzitsa ana kukulunga nyama mu ufa wokanda, tinthu tonga samusa tophika ndi nthunzi. Chingerezi chake n'chochepa ngati changa, koma manja ake amalankhula, ana n'kumamva.

Kenako ng'oma inalira. Pakhomo panatulukira chilombo, mutu waukulu, maso akuphethira, miyendo inayi ikuponda motsata ng'oma.

Ine ndine wa ku Dowa. Ndinabatizidwa ndili wamkulu kale, ndipo thupi langa likudziwabe chochita chilombo chikalowa m'bwalo. Ndinavula chipewa, ndinamukoka Tadala kuti akhale pansi, ine n'kunjuta.

"Usachiyang'ane m'maso," ndinatero. Mawu anga mumawadziwa, samva kunong'ona. Holo yonse inacheuka.

"Agogo, mukundichititsa manyazi," anatero iye m'Chingerezi chake chapamphuno. "Anzanga akuchisisita."

Zoonadi, tiana tinali pamzere kuchigwira ndevu. Ng'oma itasiya, ndinaona chimene sindinaonepo chibadwire. Mkango unanyamula mutu wake n'kuuika pampando. M'kati munatuluka mtsikana, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kumwa madzi m'botolo ana onse akuona. Wam'mbuyo anali mchimwene wake. Anaitana ana kuti ayese kunyamula mutuwo, n'kuwaonetsa kachingwe kophethiritsa maso.

Kwathu chilombo ndi chilombo, ndipo apa sindiwonjezerapo kanthu. Koma ndinadzifunsa kuti, kodi mkango uwu wachepa mphamvu chifukwa ana aona kachingwe? Ayi ndithu. Ana aja anatuluka aliyense akufuna kukhala mkango.

Chimene chinandilasa chinachitika m'basi pobwerera. Aphunzitsi anali atalengeza kuti teremu ikubwerayi mabanja ena nawonso adzaonetse za kwawo. Ndinamufunsa Tadala kuti ife tidzaonetsa chiyani.

"Ndiwauza kuti ndisadzachite nawo," anatero, maso ali pawindo. "Ife tilibe zathu. Timangopita ku tchalitchi."

Mwamva, abale anga a ku Perth? Mdzukulu wa ine, munthu amene ndinkatsogolera mganda anthu n'kukwera m'mitengo kuti andione, akuti tilibe zathu.

Mwanayo sindikumuimba mlandu. Wawona chiyani? Timadzuka, basi, shifiti, tchalitchi, kugona. Tikakumana pa ukwati ku Morley timavina za m'masipika. Mwana akafunsa za kumudzi timamuonetsa chithunzi cha nyumba imene tikumanga ku Lilongwe. Kodi malata ndi mwambo?

Anzathu aja ena anafika m'dziko lino agogo athu asanabadwe, koma mkango wawo ukadali ndi mano. Chifukwa chake n'chimodzi: amaupereka m'manja mwa ana. Ife zathu tinazigawa pawiri. Zina tinati n'zachinsinsi, zina tinati n'zachikunja, ndipo mwana tinamusiyira mbale yopanda kanthu.

Madzulo ndinamuuza Esnart nkhaniyi. Sanadikire kuti ndimalize.

"Abambo, za gule musayambe. Ife ndife a mpingo, anthu adzati chiyani?"

"Iwe, ndani watchula gule? Za kudambwe zikhale kudambwe. Koma mganda unabisidwa liti? Chimtali chili ndi tchimo lanji? Suja unkavina iwe pasukulu mpaka kung'amba chitenje cha amayi ako?"

Anangoti, "Zinali kale zimenezo," n'kulowa kuchipinda.

Ine sindinadikire chilolezo. M'mera mpoyamba. Loweruka ndinatenga ndowa ya pulasitiki yochapira, ndinaivundikira pakati pa miyendo kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuimba kamayendedwe ka chimtali. Tadala anabwera kudzandiletsa chifukwa cha aneba, koma phazi lake linayamba kugunda lokha. Vuto n'lakuti chimtali ndi gule wa amayi. Ng'oma ndimaidziwa, koma m'chiuno mwanga muli dzimbiri. Zimene ndimamuonetsa mwanayo zinali ngati munthu woponda minga.

Esnart anatiyang'ana pawindo la kukhitchini mpaka zinamukwana. Anatuluka ali ndi yunifolomu ya kuntchito, thaulo m'manja.

"Abambo, mukumuwononga mwanayu. Imbani ng'oma yokhayo, zinazi musiyire eni ake."

Anamanga thaulo lija m'chiuno n'kutsika nayo ng'oma, mapewa ali zii, chiuno chokha chikuyankha. Tadala anangoti kukamwa yasa. Sanadziwe kuti amayi ake, amene amawaona akubwera otopa tsiku ndi tsiku, ali ndi zimenezi m'thupi.

Lolemba Tadala anakawauza aphunzitsi kuti adzavina, amayi ake adzatsogolera, ndipo agogo ake adzaimba ng'oma. Akuti anawachenjezanso kuti agogowo safuna maikolofoni.

Choncho wanga ndamupulumutsa ndi ndowa yochapira. Ng'oma yeniyeni ndikuifunabe, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munabwera nayo pandege n'kuiika pabalaza, pamwamba pake n'kukhazikapo maluwa.

Nanga wanu, aphunzitsi akadzamufunsa kuti kwanu mumavina chiyani, adzaimirira kapena adzapempha kuti asachite nawo?