Mgolo wa madzi osamba a bwana

Nditasiya sukulu mu Sitandade 7, ndinkangokhala kumalaini a esiteti ya tiyi. Nyumba yathu inali ya kampani, ndipo tinkakhalamo chifukwa cha ntchito ya bambo anga yotenthetsa madzi osamba a bwana manijala. Kuseri kwa nyumba ya mzunguyo kunali mgolo wogoneka pa njerwa, moto pansi pake, paipi ina yopita kubafa, ina yoloza kumwamba yotulutsa nthunzi.

Tsiku lina kapitawo anauza bambo kuti bwana waona zoti nkhuni za bulugama, thirakitala yozituta ndi malipiro a wosonkha moto zikudya zambiri kuposa giza, chotenthetsera madzi cha magetsi. Nkhuni zikapanda kuchepa mwezi umenewo, giza ibwera, ife tichoke.

Bambo anayang'ana paipi ya nthunzi ija n'kunena kuti nkhuni zawo zikuthawira pamenepo. Anasema chikhomo cha mtengo n'kuchikhomera m'paipimo ndi hamala, ine nditawagwirira makwerero. Masiku awiri madzi anatentha ndi nkhuni zochepa. Tsiku lachitatu bwana analawirira kupita ku Blantyre, kubafa osatsegulako mpopi.

Mgolo unaphulika bambo atagwada akusonkheza. Njerwa zinauluka, ina n'kuswa galasi la kukhitchini. Nditawakoka, khungu la pamkono linatsalira m'manja mwanga ngati la mbatata yophika. Kapitawo atafika sanayang'ane mabala. Anawaponda bambo m'nthiti.

"Madala iwe, galasi ili ugula ndiwe?"

Ndinatola chikuni n'kumumenya nacho pakamwa. Anagwa, n'kulavula mano awiri padothi. Alonda anandigwira, anandimenya ndi zibonga mpaka ndinakodza magazi sabata yonse. Sindidandaula nazo. Chimandiwawa n'chakuti ndinamenya kamodzi kokha.

M'mawa mwake kapitawo, kukamwa kuli kotupa, anandiuza kuti ndikakasuma kulikonse akauza anyamata a chipani kuti ndinatukwana boma. Masiku amenewo mawu otero ankakwana kuti munthu asowe. Sindinakasume. Madzulo asanafike, katundu wathu anali panja, chitseko atakhoma loko wina.

Kuchipatala cha kuboma ndinapeza bambo atagona chafufumimba, msana wonse uli mabandeji. Mayi anali atandichenjeza kuti ndisawauze kanthu. Koma bambo sanafunse za nkhope yanga yotupa, anafunsa za nyumba.

"Yapita, ababa. Tikugona pakhonde la amalume ku Chonde."

Anatembenuzira nkhope kukhoma.