Tayambani Mwalawa, Mayi

Bakuli lobiriwira, chivundikiro chake chomanga ndi mphira wa njinga. Anthu akamaponya pagulu lathu la pafoni zithunzi za polisi yakale ija, ataipaka penti, ati pano ndi nyumba ya okalamba, ine m'mutu mumabwera bakuli limenelo. Iwo kumaikapo timitima. Timitima pa chiyani, abale?

Ndinali Sitandade 2, nthawi ya dzinja, nyanja ya Chilwa atatseka. Amalume anawagwira akukoka matemba, n'kuwatsekera m'menemo. Masana aliwonse ine ndi amayi tinkaponda matope kudutsa m'minda ya mpunga, bakuli pamutu. Ukangolowa, fungo la ndowa ya mkodzo, phuu! Amalume ankatulukira opanda nsapato, dzanja limodzi litagwira thalauza chifukwa lamba anawalanda.

Wapolisi ankatsegula bakuli, n'kutakasa ndi bolopeni. Bolopeni, anthuni! Kenako: "Tayambani mwalawa, mayi."

Ine ndi njala yanga n'kulumphira: "Ndilawe ine!" Apolisi kuseka, ati kamwana kadyera aka. Kusukulu ndinkachita kunyadira kuti kupolisi amandipatsa mpunga ndisanapemphe. Aphunzitsi anangoti, "Iwe, zimenezo sanena."

Pano amalume akalamba, nyumba yawo inagwa ndi madzi osefukira, akugona m'khitchini mwa amayi modontha. Akomiti ya nyumba ya okalamba ija awalemba dzina, ati mwayi. Ndapita kukaona chipinda chawocho. Ndi chomwe chija! Zitsulo za pawindo anazisiya dala, ati mbiri isafafanizike. Mbiri ya ndani? Woika timitima anagonapo pasimenti imeneyo? Ndinalemba zimenezi pagulu, anandichotsa.

Amalume atamva anangoti, "Mphwanga, kumeneko ndinatulukako kale." Sapita. Mvula ikubwera, ndipo sindikudziwa kuti tiwasunga bwanji, koma sindiwakakamiza ine, ng'oo.

Chimandiwawa n'chakuti nthawi ija ndinkabwerera kunyumba ndikudumphadumpha, amayi akutsalira m'mbuyo. Ndinkati atopa ndi matope. Sindinkadziwa kuti kulawa kuja kunali kuwafunsa amayi, tsiku ndi tsiku, pamaso pa mlongo wawo, ngati sanamuthirire tameki m'chakudyamo. Ndipo amene ankameza yankho lake anali mwana wawo, akumwetulira.