Tchuthi cha a Fyuzi

Ndinawaona koyamba tsiku limene wailesi ya bambo athu inasiya kulankhula. Kunabwera munthu wamtali, wowonda ngati mlongoti, atakolekera kachikwama ka zitsulo paphewa. Anatsegula wailesiyo kumbuyo, n'kuinunkhiza, n'kunena kuti, "Ndi fyuzi." Ntchito ya fyuziyo inatenga milungu itatu, chifukwa wobweretsa madzi akumwa anali mlongo wanga. Wailesi ija sinalankhulenso, koma chaka chotsatira munthuyo anali mlamu wanga. Dzina loti a Fyuzi linawakanirira moyo wonse, pakuti chilichonse chikafa, kaya ndi wotchi, kaya ndi njinga, kwa iwo inali fyuzi.

Zaka makumi anayi anakhala pakhonde la sitolo ina, pakati pa telala ndi wosoka nsapato, akuwotcherera timawaya. Kenako anthu anasiya kukonzetsa mawailesi, ikafa ankangotaya. A Fyuzi ananyamula benchi lawo n'kubwerera kunyumba.

"Alamu," anandiuza atapita masiku, "m'mawa mwake pamalo panga panakhala wogulitsa masokosi. Ndinam'funsa telala ngati pali amene wandifunsa. Ngakhale mmodzi, alamu. Zaka makumi anayi!"

Chilonda chimenechi sichinapole.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino kutali, anawatumizira kompyuta yokhala ndi kamera kuti azionana pocheza. Iwo anapezamo masewera othamangitsa galimoto, munthu woti chibadwire sanagwirepo chiwongolero. Anatulukiranso kuti ukhoza kumasewera anthu akukuonera pa intaneti nthawi yomweyo. Chipinda chosungira makatoni chinasanduka situdiyo. Anagula mpando wofewa wozungulira, ndipo pansi pa tebulo analumikiza mabatire atatu a galimoto kuti magetsi akazima, anthu awo asavutike.

Anthu awowo anali asanu ndi awiri. Kanambala kankaoneka pakona. Mmodzi ndinali ine: ndinkatsegula foni, n'kuivundikira patebulo, n'kupita kokathirira maluwa. Wina anali mwana wawo uja. Asanu otsalawo akuwadziwa ndi Mulungu. Komabe tsiku lililonse chakum'mawa a Fyuzi ankamanga tayi, n'kupereka moni "kwa nonse kulikonse kumene muli," kenako galimoto yawo inkakagunda khoma pakona yoyamba yomwe.

"Ndi fyuzi," ankatero.

Tsiku lina anandiitana ndi nkhope ya munthu wosenza nkhani yaikulu.

"Alamu, akuluakulu a ntchitoyi amapuma. Amalengeza kuti akukachita kaye zina, anthu n'kumalira, kumawachonderera kuti abwerere. Inenso ndipuma miyezi itatu."

"Mwatopa?"

"Sindinatope. Ndikufuna andisowe."

Lolemba lake anavala jekete yaukwati, imene mabatani ake anali atasiya kalekale kukumana, n'kutsanzikana ndi anthu awo kwa theka la ola. Anati akukasamalira maluso ena amene akhala akuwanyalanyaza chifukwa chotumikira anthu. Atatha anadina batani la pansi pa galasi la kompyuta. Galasi linada, kanyali kanazima, iwo anatuluka mutu uli m'mwamba. Kwa munthu wa mawailesi, kanyali kakazima ndiye kuti zonse zagona. Koma bokosi la pansi pa tebulo linali maso, likuyamwa mabatire aja, ndipo kamera inapitiriza kuonetsa mpando wopanda munthu.

Maluso aja anabwera mothamangitsana. Lachiwiri inali gitala. Lachitatu anabzala tomato m'zitini. Lachinayi anagula nkhunda ziwiri. Madzulo aliwonse ankatulukira kwathu ngati akungodutsa.

"Simunamve kalikonse, alamu? Anthu sakudandaula?"

Kompyutayo analumbira kuti saikhudza, kuti chisoni cha anthu chiyambe chapsa bwino.

Tsono mlongo wanga anali atausirira mpando uja kwa chaka chathunthu. Chipindacho chili ndi zenera lalikulu loyang'ana pabwalo, loyenera munthu woluka majuzi amene maso ayamba kuchita chidima. Anasamukiramo ndi dengu lake la ulusi. Ndipo mlongo wangayo chiyambire utsikana wake amalankhula yekha, mokweza, ngati pali womumvera. Ulendo uno womumverayo analipodi.

"Tamvani gitalayo," ankatero singano zikugundana. "Mphaka wa aneba wasamuka, sanatsanzike n'komwe."

Mawa lake: "Tomato wabzalidwa m'mawa uno. Pano akum'fukula kuti aone ngati wamera."

Mkuja wake: "Nkhunda zija zabwerera kwa mwini wake zonse ziwiri. Mawa akagulanso zomwezo, mudzandiuza."

Lachisanu masana foni yanga inalira. Anali namwino uja, mawu ali pamwamba.

"Malume, thamangani kunyumba! Amayi ali pa intaneti, ndipo akuwaulutsa abambo!"

Ndinathamanga mmene amathamangira munthu wa ndodo. Ndinawapeza a Fyuzi pabwalo atanyamula khola lopanda kanthu, akuyang'ana kumwamba. Ndinawakokera m'chipinda muja. A Fyuzi atayatsa galasi, mlongo wanga anadziona yekha, ndipo pakona panali nambala yoposa mazana asanu ndi limodzi.

"Kalanga ine!" anakuwa. "Masiku onsewa ndi duku long'ambikali? Bwanji osandiuza ndivale labwino?"

A Fyuzi sanamve zimenezo. Anali atavala magalasi, akutsika ndi chala m'mauthenga a anthu, kufunafuna dzina lawo. Ena ankafunsa ngati nkhunda zapezeka. Ena ankapempha kuti agogo asonyeze kalukidwe ka khosi la juzi. Wina analemba kuti waseka mpaka abwana ake am'tulutsa mu ofesi. Anatsika, anatsika, mpaka anafika pa Lolemba lija la jekete. Pansi pa mawu awo otsanzika panali uthenga umodzi wokha, wa mwana wawo: "Abambo, musaiwale mankhwala."

Anavula magalasi n'kukhala pakatoni. Sanatchule fyuzi. M'zaka zonse zimene ndinawadziwa, ndi tsiku lokhalo limene chinthu chinawonongeka iwo osanena chifukwa chake.

Mlongo wanga anawayang'ana kanthawi. Pakamwa pake ndi pakuthwa, koma mwamuna wake ankamudziwa.

"Abambo, m'malo mokhala ngati katundu, tatambasulani manjawo. Ulusiwu ukusokonekera."

Anatambasula. Iye anakoleka ulusi m'mikono mwawo n'kuyamba kukulunga mpira wake, akupitiriza nkhani ya nkhunda. Miyezi itatu ija inatha, inatha ina, galimoto sinagundenso khoma. M'mawa uliwonse a Fyuzi ankamanga tayi, n'kuyesa mabatire, n'kukhala pakatoni pambali pa mkazi wawo. Pa kamera ankaoneka mikono yokha, motero anthu anawatcha Manja. Akafunsidwa, ankati iwo ndi injiniya wamkulu wa pulogalamu.

Chaka chawo chomaliza anagonekedwa m'chipatala sabata imodzi chifukwa cha chifuwa. Iwo eni anakakamiza mkazi wawo kuti pulogalamu isaime, ndiye ulusi unkakolekedwa kumsana kwa mpando wa pakhitchini. Tsiku lachitatu ndinapita kukawaona nthawi ya masana. Ndinawapeza atatsamira mapilo awiri, ataonda kuposa tsiku lija la wailesi ya bambo.

"Zikuyenda kumeneko?" anafunsa, maso ali kudenga.

Ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwawerengera. "Manja ali kuti lero?" "Agogo, mpandowo sukugwira bwino ulusi, bwezani Manja." "Kodi Manja akudwala? Apatseni moni."

"Mukupeka, alamu."

"Onani nokha."

Anavala magalasi n'kuwerenga owafunsawo mmodzimmodzi ndi chala. Anakwana makumi anayi ndi atatu. Anawerenganso, kuopa kuti alumpha wina. Kenako anandibwezera foni, n'kudzikonza kolala ya malaya ogonera ngati pali tayi.

"Muwalembere kuti ndikupuma kaye, ndikusamalira zina," anatero. "Koma musafulumire kuwayankha. Adikire pang'ono."

Ndinati ndamva, n'kuyamba kuika foni m'thumba. Anandigwira mkono.

"Tayambiraninso pamwamba paja, alamu. Pang'onopang'ono."