Mzere wa pa Kapu ya Oyilo

Kuseri kwa sitolo ya matayala kuli galaja ya bambo amene madalaivala anawapatsa dzina loti a Dikirani. Ntchito yawo ndi imodzi basi: kukonza eyakoni, makina oziziritsa m'galimoto. Pa zaka makumi atatu sanaphepo kompulesa, mtima wa makinawo, ndipo ndi chokhacho chimene amadzitama nacho.

Dzinalo linabwera chifukwa cha pampu yokoka chinyezi m'mapaipi. Anzawo amaizimitsa pakatha mphindi khumi, iwo mpaka ola likwane. Oyilo wa m'kompulesa yakale amamukhuthulira m'kapu ya mizere, kuti yatsopano ilandire wofanana ndendende. Akachepa imapsa, akachuluka imatsamwa.

Koma chaka chino mizere ija inayamba kuchita chimbuuzi m'maso mwawo. Sanauze munthu. Ankangoika chikhadabo pa kapu n'kumayerekeza.

Tsiku lina kunabwera alamu awo ndi galimoto imene imatengera mlongo wa a Dikirani kuchipatala kawiri pa sabata.

"Alamu, odwala aja akuwaukira m'galimotomu. Koma lero musatigoneke pano ndi pampu yanuyo."

A Dikirani sanaseke. Anachotsa kompulesa yakufayo, n'kukhuthula oyilo wake. M'kapu yachiwiri anathira watsopano. Anakweza makapu onse awiri pawindo, kuwayandikitsa, kuwatalikitsa. Mzere osaoneka. Akalakwitsa, kompulesa idzafera pamsewu dzuwa lili paliwombo, mlongo wawo ali m'kati.

Pa tayala pafupi ndi khomo panakhala mwana wawo wamkazi, wongobwera kumene kuchokera kunja, akutokosa foni. Chibwerereni ankangodandaula kuti kuno chilichonse chimakwawa.

"Mwanawe, tabwera. Makapu awa afanana?"

Anayang'ana kamodzi kokha. "Ayi adadi, watsopanoyu wapitirira mizere iwiri. Simukuona?"

A Dikirani anatsitsa makapu aja.

"Sindikuona. Papita miyezi."

Alamu aja anayang'ana pansi. Mwanayo anaika foni m'thumba, n'kutenga kapu. Anapungula pang'onopang'ono mpaka oyilo anakhala pamzere, n'kumuthira m'kompulesa yatsopano imene bambo ake anali ataikhuthuliratu. Iwo anaizunguza ndi dzanja kakhumi kuti oyilo afike ponseponse. Zimenezo sizinkafuna maso.

Atamanga zonse analiza pampu. Alamu anasuzumira wotchi.

"Ndiye titenga nthawi yaitali bwanji?"

A Dikirani asanatsegule pakamwa, mwana uja anakokera tayala pafupi ndi geji yoonetsa mmene pampu ikukokera, n'kukhalapo.

"Ola lathunthu, ankolo. Gejiyi ndiziwawerengera ine."